Ndani amamuona mwana wa ku Molumbo akamasewera?

Mwana wa zaka 15 wa ku Molumbo akakhala ndi luso la mpira, ndani ali ndi udindo womuona? Sitikunena omuombera m'manja, chifukwa amenewo ngambiri. Loweruka ndi Lamlungu masana amadzadza m'mbali mwa bwalo la pasukulu, ena ataima pa njinga, ena ali mumtengo, ndipo mwanayo akachinya amamunyamula m'mwamba. Tikunena munthu wobwera ndi kope, wolemba dzina la mwanayo, chaka chimene adabadwa, malo amene amasewera m'bwalo, zimene wachita bwino ndi zimene walakwitsa, kenaka n'kubweranso mwezi wamawa kudzatsimikiza ngati zimene adaona zija zidali zenizeni. Munthu woteroyo alipo? Ngati alipo, amamulipira ndani, ndipo kope lakelo limakathera pa tebulo la yani?

Molumbo idakhala boma paiyokha mu 2013 itadulidwa ku Milange. Quelimane, likulu la chigawo cha Zambezia, ili kutali. Maputo, kumene kuli likulu la bungwe la mpira la FMF ndi makalabu ambiri otchuka, ili pamtunda wa makilomita oposa 1,500. Kwa munthu wa kuno, Blantyre ndiyo ili pafupi, wailesi za ku Malawi zimamveka, ndipo mayina a Bullets ndi Wanderers si achilendo pambali pa a Ferroviário ndi Costa do Sol. Mwana wa kuno wakhala pakati pa maiko awiri okonda mpira. Kodi tinene kuti ali ndi makomo awiri olowera, kapena mbali iliyonse ikuganiza kuti mwanayu ndi wa inayo?

Tiyambe tapita kutali, ku masewera amene kuno sitisewera, chifukwa kumeneko funso la kasankhidwe ka osewera adalilowetsera ndalama zambiri kuposa kwina kulikonse.

Ku America ali ndi mpira wawo wogwira ndi manja, ndipo ligi yake yaikulu, NFL, ili ndi matimu 32. Chaka chilichonse m'mwezi wa April matimuwa amagawana anyamata ochokera m'mayunivesite pa mwambo umene amautcha draft, umene udayamba mu 1936. Timu imene idathera pansi pa ligi ndiyo imayamba kusankha, akatswiri amasankha pomalizira, ndipo amazungulira chonchi kasanu ndi kawiri. Wosewera amene amamulimbirana koposa ndi quarterback. Ameneyu ndiye amalandira mpira sewero likamayamba, n'kuona mmene adani aimira, n'kusankha m'masekondi awiri kapena atatu woti amuponyere, uku zimphona zikuthamanga kudzamugwetsa. Timu ikaphonya posankha munthu ameneyu imalira zaka zingapo, ndipo kawirikawiri mphunzitsi ndi bwana amene adamusankha ntchito imawathera pomwepo.

Ndiye saliyamba mwachibwana. Lamulo lawo limati mnyamata sangalowe mu draft pasanathe zaka zitatu chimalizire sekondale, kotero amakhala ataseweramo ndithu ku yunivesite, ndipo masewero akewo amakhala atajambulidwa. Anthu olembedwa ntchito yongoonera amabwereza kanemayo kambirimbiri. Draft isanafike, anyamatawo amawaitanira ku Indianapolis kukawayeza msinkhu, kulemera, kukula kwa chikhatho ndi liwiro pa mayadi 40. Madokotala amawaunika mawondo ndi mapewa. Amawakhazika m'chipinda, kuwajambulira sewero pa bolodi, kulifufuta, n'kuwauza kuti alijambulenso ndi kulifotokoza. Amafunsa aphunzitsi awo akale kuti mnyamatayu amafika nthawi yanji pokonzekera masewero, amatani akadzudzulidwa, anzake amamumvera kapena ayi.

Nanga ndi zonsezi amalondola?

Mu 1998 America yonse idatsutsana za anyamata awiri, Peyton Manning ndi Ryan Leaf, kuti woposa mnzake ndani. Indianapolis idatenga Manning poyamba, San Diego idatenga Leaf kachiwiri. Manning adakhala wosewera wopambana m'ligi kasanu ndipo adatenga chikho cha Super Bowl kawiri. Leaf pofika 2002 adali atasiya mpira. Mu 2007 Oakland idasankha JaMarcus Russell kukhala woyamba pa onse, chimnyamata chachitali cha mkono woponya kutali modabwitsa, koma patatha zaka zitatu adamuchotsa ndipo sadasewerenso m'ligimo. Mu 2000 matimu adasankha osewera 198, asanu ndi mmodzi mwa iwo ma quarterback, asanafike pa Tom Brady wa ku Michigan, amene ku Indianapolis kuja adathamanga mayadi 40 pa masekondi 5.28, liwiro limene ambiri adaliona ngati lochititsa manyazi. Brady adadzatenga Super Bowl kasanu ndi kawiri. Mu 2017 Chicago idatenga Mitchell Trubisky pa nambala 2, n'kusiya Patrick Mahomes kuti adzatengedwe ndi Kansas City pa nambala 10, ndipo Mahomes pofika 2024 adali atatenga chikhocho katatu. Mu 2022 Brock Purdy adali womaliza weniweni, nambala 262, koma mu February 2024 ndiye ankatsogolera San Francisco mu Super Bowl.

Wina akamva izi anena kuti, mwaonatu, ngakhale eni makina ndi madola amaphonya, mpira ndi mwayi basi, tisadzivute. Ife tikukana. Brady adali nambala 199, inde, koma adali ndi nambala. Purdy adali womaliza, koma dzina lake lidali m'buku, masewero ake adali atajambulidwa, ndipo padali munthu amene adawaonera n'kunena kuti mnyamatayu timuyese. Anthu a ku America amaphonya poika mayina mundondomeko, woyenera kutsogolo n'kumuika kumbuyo. Ife timaphonya dzina lenilenilo lisanalembedwe. Kodi zolakwa ziwirizi n'zofanana?

Chimene chidawasokeretsa n'chofunika kuchiyang'anitsitsa, chifukwa ndi chomwecho chimene chimatisokeretsa ife. Adakopeka ndi zooneka msanga ndi zoyezeka mosavuta: msinkhu, mphamvu ya mkono, liwiro. Zimene zidasiyanitsa Manning ndi Leaf, kapena Brady ndi anzake asanu ndi mmodzi aja, sizikwera pa sikelo. Mutu umaganiza bwanji zinthu zikathina? Akalakwitsa lero, mawa abwereza cholakwa chomwecho? Timu ikagonja, amaloza anzake chala kapena amayamba wadzifunsa yekha? Zoterezi sizioneka masana amodzi. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ya kusankha osewera mawuwa alibe chowonjezera.

Diso la wosankha limabweranso ndi tsankho lake. Mu 1978 Warren Moon, amene adachita bwino kwambiri ku yunivesite ya Washington, sadasankhidwe ndi timu iliyonse ya NFL, pa nthawi imene ambiri ankakhulupirira kuti munthu wakuda sangatsogolere timu ngati quarterback. Adapita ku Edmonton m'dziko la Canada, adatengako chikho zaka zisanu zotsatizana, ndipo pambuyo pake NFL yomweyo idamuitana n'kudzamuika m'gulu la akatswiri ake osaiwalika mu 2006. Tsankho lathu si la khungu. Ndi la kumene munthu wachokera. Mwana akafika pa mayeso a kalabu ya mumzinda atavala nsapato zobwereka, akulankhula Chichewa kapena Chilomwe cha kumalire, Chipwitikizi chake chili chodukaduka, amamuonera ndi diso lomwelo limene amaonera mwana wa mumzinda amene mphunzitsi amawadziwa bambo ake?

Tiyeni tinene poyera mmene timasankhira. Kalabu imalengeza mayeso a tsiku limodzi kapena awiri. Anyamata amakhamukira kumeneko, amawagawa m'matimu a anthu osadziwana, aliyense n'kumupatsa mphindi zochepa. Amene wachokera kutali wagona panjira, wadya zosakhutitsa, mwina ndi koyamba kuponda bwalo la kapinga. M'mphindi zimenezo aliyense akudziwa kuti akapatsira mnzake mpira ndiye kuti wapatsira mwayi wake, choncho aliyense amaukakamira. Amene amaonekera ndi wothamanga, wachithupi, ndi wochenjeretsa anthu atatu n'kumenya chamtunda. Kumudzi nako, njira yodziwikira ndi bonanza ya masiku awiri kapena chikho chimene wandale wagula chisankho chikamayandikira, ndipo chisankho chikadutsa chikho chija sichimvekanso. Mlimi wa nandolo wa ku Molumbo salola kuti venda amuyezere thumba ndi maso. Amafuna sikelo, ndipo sikeloyo amaiyang'anitsitsa. Nanga bwanji tsogolo la mwana wake tikuliyeza ndi maso a masana amodzi?

Amene amaluza kwambiri pa kasankhidwe kotere ndi wosewera pakati, uja amene ntchito yake ikufanana ndi ya quarterback. M'timu iliyonse ya m'mudzi alipo mmodzi wotere. Kawirikawiri ndi wochepa thupi, sathamanga kwambiri, ndipo chaka chonse mwina amachinya kawiri. Koma mpira usanamufike amakhala atatembenuza kale mutu kuona amene ali kumbuyo kwake. Amadziwa nthawi yoti masewero afulumire ndi nthawi yoti azizire. Wotchinga kumbuyo akapanikizika, iye ndiye amaonekera pamalo poti apatsidwe mpira, ndipo akaulandira saukhudza katatu pamene kamodzi kakukwana. Anzake amamudziwa, chifukwa tsiku limene iye wapita kumaliro kapena kumunda timu yonse imasewera ngati yasokonekera mutu. Ochemerera sam'nyamula, amanyamula womwetsa zigoli amene iyeyu wamukonzera. Tsopano mwana woteroyo muikeni pakati pa anthu khumi osam'dziwa, amene palibe ndi mmodzi yemwe akufuna kum'patsa mpira, m'mphindi 20. Muona chiyani? Mudzanena kuti alibe kanthu, adzakwera galimoto kubwerera kwawo, ndipo palibe adzadziwe chimene chatayika. Ndi angati otere amene tawabweza? Palibe angayankhe, chifukwa palibe adalemba.

Kenaka pali nkhani ya zaka. Poyerekeza anyamata awiri, funso loyamba si lakuti waluso ndani, koma lakuti wamkulu ndani. Mnyamata wa zaka 19 akaikidwa pakati pa ana a zaka 15 amaoneka ngati katswiri, pamene wangowaposa mafupa. Vutoli ndi la Africa yense. FIFA idayamba kuunika mafupa a pamkono ndi makina a MRI pa mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17 mu 2009. Mu 2020, pa mpikisano wa COSAFA wa msinkhu womwewo, matimu a Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe adachotsedwa kaamba ka zotsatira za makinawa. Ku Cameroon, anyamata 21 mwa 30 amene adaitanidwa ku timu ya osapitirira zaka 17 adalephera kuunikaku. Timafulumira kutcha anyamatawa akuba zaka, koma ndani amawauza kuti adule zakazo? Mnyamata amene wayamba kuonedwa ali ndi zaka 21, chifukwa pamene adali ndi zaka 14 kudalibe womuona, amauzidwa ndi akuluakulu omwe kuti pa msinkhu umenewo palibe kalabu ingamufune. Kuba zaka kumayambira pa kuchedwa kuona. Ndipo wolangidwa weniweni ndi mwana woona mtima wa zaka 15, amene walandidwa malo ndi munthu wometa ndevu.

Kumalire kuno nkhani ya zaka imakumana ndi ya mapepala. M'zaka za nkhondo, makamaka kuyambira 1986, anthu ambiri a ku Milange ndi madera ozungulira adathawira ku Malawi, dziko limene lidasunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi mtendere wa mu 1992 usanabwere. Ena adabwerera, ena adakhazikika, ambiri adakwatirana uku ndi uko. Lero si zachilendo kupeza mwana wobadwira kuchipatala cha mbali ina, wophunzira sukulu mbali inayo, agogo ake ali ku Phalombe kapena ku Mulanje, munda uli ku Molumbo. Mwana woteroyo kalata yake yakubadwa ili kuti, ndipo ikunena kuti ndi wa dziko liti? Kalabu yaikulu ikamufuna, chinthu choyamba imene idzafunse si mwendo wake wamanzere, ndi chiphaso. Kodi sitikuona kuti kulembetsa mwana akabadwa ndi gawo la chitukuko cha mpira, mofanana ndi kugula mipira ndi majezi?

Malamulo a FIFA amaletsa kusamutsa mwana wosakwana zaka 18 kupita ku kalabu ya dziko lina, ndipo n'zoyenera, chifukwa ana ambiri a mu Africa adatayidwa m'mizinda ya ku Ulaya ndi anthu owalonjeza zakumwamba. Koma malamulo omwewo ali ndi mpata umene ukuoneka ngati adalembera anthu a kumalire. Mwana amene kwawo kuli pamtunda wosapitirira makilomita 50 kuchokera pa malire angathe kulembetsedwa ku kalabu ya tsidya lina, malinga kalabuyo nayo ili mkati mwa makilomita 50 kuchokera pa malirewo, mwanayo akupitiriza kukhala pakhomo pa makolo ake, ndipo mabungwe a mpira a maiko onse awiri avomereza. Kodi a FMF ndi anzawo a FAM a ku Malawi adakhalapo pansi kukambirana mmene mpata umenewu ungathandizire ana a ku Molumbo, Milange, Mulanje ndi Phalombe? Aphunzitsi a matimu a m'midzi ya kumalire akulidziwa lamuloli? Ngati sakulidziwa, woti awauze ndani? Chimene chimachitika lamulo likakhala losadziwika tonse tikuchidziwa: mwana amangowoloka, n'kusintha dzina, n'kusewera ngati mbadwa ya tsidya linalo, ndipo mbiri yake yonse ya kumene adaphunzirira mpira imafufutika tsiku lomwelo.

Mbiri imeneyo ndi ndalama. Wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontrakiti yake isanathe, malamulo a FIFA amati 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa makalabu amene adamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 kufikira 23. Zaka zinayi zoyambirira, kuyambira 12 mpaka 15, zimatenga 1 peresenti ya mtengo wonse. Tiwerengere limodzi: wosewera atagulidwa pa madola 1 miliyoni, kalabu imene idamusunga zaka zinayi zimenezo iyenera kulandira madola 10,000. Ku kalabu ya ku Ulaya imeneyo si ndalama. Ku timu ya ku Molumbo ndi mipira, magolo achitsulo, majezi ndi thiransipoti ya zaka zingapo. Mu 2022 FIFA idatsegula ofesi ku Paris yoti ndalama zoterezi zizidutsirako n'kufika kwa eni ake. Koma ofesiyo imalipira potsata zimene zidalembedwa m'kaundula wa bungwe la mpira la dzikolo. Timu yosalembetsedwa, yophunzitsa mwana wosalembetsedwa, kwa FIFA kulibeko. Mphunzitsi wa pasukulu amene wathera madzulo ake onse pa bwalo lafumbi, kugula mpira ndi ndalama ya m'thumba mwake, adzangomva pa wailesi kuti mwana wake uja wagulidwa. Kodi chilungamo chake chili pati, pamene chimene chikusowa ndi fomu ndi cholembera?

Mozambique ndi dziko limene siliyenera kuphunzitsidwa za mtengo wa diso labwino. Eusébio adabadwira ku Mafalala mu 1942, adasewera ku Sporting ya ku Lourenço Marques (Maputo wa lero), ndipo kumapeto kwa 1960 adapita ku Benfica. Mu 1965 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana ku Ulaya, ndipo pa World Cup ya 1966 adachinya zigoli 9, kuposa wina aliyense, koma atavala jezi ya Portugal. Patsogolo pake padali Mário Coluna, wosewera pakati weniweni wa mtundu umene tafotokoza uja, amene adakhala kaputeni wa Benfica. Masiku ano tili ndi Reinildo Mandava, mwana wa ku Beira, amene adatenga ligi ya France ndi Lille mu 2021 asanapite ku Atlético Madrid, ndi Geny Catamo amene adadutsira ku Black Bulls ya ku Matola n'kukafika ku Sporting ya ku Lisbon. Timawanyadira onsewa. Koma taonani kumene nkhani zawo zidayambira: Maputo, Beira, Matola. Zambezia ndi chigawo chachiwiri pa kuchuluka kwa anthu m'dziko muno, kutsatira Nampula. Kodi tikhulupirire kuti miyendo yaluso imabadwira m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja yokha? Kapena maso ndiwo amathera kumeneko?

Black Bulls yatisonyeza chimene chimatheka kalabu ikayamba ndi ana. Idamanga malo ake ophunzitsira ku Tchumene, idalera osewera ake, ndipo itangolowa mu Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, idatenga chikho chake mu 2021. UD Songo, imene ili kutali ndi Maputo m'chigawo cha Tete, idatenga ligi mu 2017, 2018 ndi 2022. Kutalikira likulu sikuletsa mpira wabwino pakakhala dongosolo ndi wolipira. Ndipo pali china chimene chiyenera kutipweteka ife a kumalire. Makalabu a Moçambola akhala akugula osewera a ku Malawi kwa zaka zambiri: John Banda adasewera ku Songo, Chiukepo Msowoya ndi Richard Mbulu ku Costa do Sol, ndi ena ambiri. Adawagula chifukwa ndi aluso, palibe wotsutsa. Koma adawadziwa bwanji? Adawadziwa chifukwa adasewera m'ligi yolembedwa, zigoli zawo zidawerengedwa, ndipo adaoneka atavala jezi ya Flames, timu ya dziko lawo. Kalabu ya ku Maputo imatha kudziwa za mnyamata wa ku Blantyre kuposa za mnyamata wa m'dziko lake lomwe wa ku Molumbo. Tiidzudzule kalabuyo, kapena tidzifunse kuti ife taipatsa chiyani choti iwerenge?

Atsikana ndiye sitinayambe n'komwe kuwafunsira. Tabitha ndi Temwa Chawinga adakulira ku Rumphi, kumpoto kwa Malawi, akusewera ndi anyamata. Tabitha adapita ku Sweden mu 2014, adadutsa ku China, ndipo mu 2023 adatsiriza ligi ya Italy ali womwetsa zigoli zambiri kuposa onse atavala jezi ya Inter Milan. Temwa mu 2024 adachinya zigoli 20 m'ligi ya amayi ya ku America, chiwerengero chimene padalibe adachifikapo, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wopambana m'ligiyo. Timu yake ndi Kansas City Current, ndipo mmodzi mwa eni ake ndi Patrick Mahomes, quarterback uja amene Chicago idamulambalala. Rumphi si mzinda. Ngati m'nyumba imodzi ya ku Rumphi mudatuluka awiri otere, ndi atsikana angati a ku Molumbo amene ali ndi mwendo womwewo, koma pa zaka 15 akukambidwa za ukwati m'malo mwa za mpira ndi sukulu? Pa bonanza zathu zija, ndi kangati pamene atsikana amapatsidwa bwalo, osati ntchito yotunga madzi ndi kuvina pambali?

Tisamveke ngati tikupempha kuti draft ya ku America ibwere kuno. Ligi ya amayi imene Temwa akuseweramo idathetsa draft yake mu 2024, osewera atalimbikira kuti munthu azisankha yekha kumene akufuna kukagwira ntchito, ndipo mpira wamiyendo m'maiko ambiri suyenda mwa njira imeneyo. Sitikupemphanso makina a MRI ku Molumbo kapena makamera pa bwalo lililonse. Chimene chili chotengeka kwa anthu aja n'chotsika mtengo: chizolowezi choona wosewera kambirimbiri, kulemba zimene waona, kufunsa amene amakhala naye, ndi kusunga zolembazo kuti wina adzazipeze. Foni ya m'manja imene ili m'thumba la mphunzitsi ingathe kujambula masewero athunthu, osati zigoli zokha. Kope la masamba 96 lingathe kusunga mayina, masiku obadwa ndi masewero a timu yonse kwa chaka. Chovuta n'chiyani?

Chovuta n'chakuti kulemba kumafuna mpikisano wokhazikika woti uzilembedwa. Mozambique ili ndi masewera a sukulu amene amayambira m'maboma mpaka kufika pa dziko lonse, ndipo Malawi ili ndi bungwe la masewera a m'sukulu la MASSA. Koma mpikisano wochotsana, umene timu ikagonja kamodzi yathera pomwepo mpaka chaka chamawa, sungaonetse mwana woganiza uja. Pakufunika ligi ya ana ya m'boma, ya osapitirira zaka 15 ndi 17, anyamata ndi atsikana, yoseweredwa mlungu ndi mlungu m'nyengo yachilimwe pamene misewu ikupitika, matimu oyandikana akumakumana kuti ana aziyenda pansi kapena pa njinga. Ofesi yoona za achinyamata ndi masewera ya boma la Molumbo ili ndi mndandanda wa matimu a ana a m'boma lake? Bungwe la mpira la chigawo cha Zambezia lidafikako liti komaliza kudzaphunzitsa aphunzitsi a matimu ndi oimbira? Amalonda amene amagula nandolo, soya ndi chimanga cha kuno chaka ndi chaka, sangathe kulipirira ligi ya ana ya miyezi isanu m'malo mwa bonanza ya masiku awiri? Andale amene amabweretsa zikho, angalole kuti chikhocho chipitirire ngakhale chaka chopanda chisankho?

Makolo nanu muli ndi mbali yanu. Pamene palibe njira yodziwika, pamabwera anthu a njira zachidule. Munthu akafika pakhomo panu n'kunena kuti mwana wanu amutengera ku Nampula, ku Blantyre kapena ku Johannesburg kukayesedwa, koma muyambe mwapereka ndalama, mufunseni chiphaso chake. Kuyambira 2023 ejenti wovomerezeka amayenera kukhala ndi laisensi ya FIFA. Mufunseni dzina la kalabu, kalata yoitanira mwanayo, kumene akagone, ndi sukulu imene akapitirize. Akakwiya ndi mafunso amenewa, musam'patse mwana. Ndipo wina aliyense akakuuzani kuti mudule zaka za mwana wanu pa chiphaso, dziwani kuti akumukonzera manyazi a kutsogolo, ndiponso akubera mwana wa mnansi wanu.

Kwa aphunzitsi a sukulu ndi a matimu a m'midzi ya ku Molumbo ndi Milange, pempho lathu ndi ili: musadikire kuti a ku Quelimane kapena a ku Maputo ayambe. Masewero oyamba a nyengo ikubwerayi asanayambe, lembani dzina la mwana aliyense, tsiku limene adabadwa monga zilili pa kalata yake, ndi malo amene amasewera. Amene alibe kalata yakubadwa, pitani ndi makolo ake ku ofesi yolembetsa anthu. Mukatero, tengani kopelo mupite nalo ku ofesi ya masewera ya boma, mukapemphe kuti timu yanu ilembetsedwe ku bungwe la mpira la chigawo, ndipo musachokeko asanakuuzeni tsiku limene adzakuyankheni.